Mwana wamkazi aphunzire kukuwa

(Mau amene mai wina wophunzitsa atsikana kudziteteza anayankhula pa msonkhano wa makolo)



Sabata yathayi bambo wina anandiimika pa siteji nandifunsa kuti, "Kodi amai, mwayamba kuphunzitsa ana athu ndeu?" Ndinawayankha mwachidule chifukwa minibasi inali kunyamuka. Lero ndiwayankha bwino, poti ndawaona ali pompano.

Tsiku loyamba sitimenya kanthu. Ndimawaimika atsikana pamzere ndi kuwauza kuti aliyense akuwe kuti "Ayi!" Mwaseka, komatu ntchito yagona pamenepa. Mtsikana wosenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, mau ake amatuluka ngati a mwanapiye. Wina amagwira pakamwa, wina amayang'ana pansi. Sikuti alibe mphamvu ayi. Tinamuphunzitsa ndife: gwada, usayang'ane wamkulu m'maso, usabweze mau. Ulemu ndi wabwino, nanenso ndimawagwadira apongozi anga. Koma amene amagwirira ana athu kawirikawiri si chigawenga cha m'tchire. Ndi munthu wodziwika: mnansi, chibwenzi, mphunzitsi, mwinanso wachibale amene. Iyeyo amadalira ulemu womwewo, akudziwa kuti mwanayo sakuwa.

Ife akuluakulu tisadabwe nazo. Tinakula ndi lamulo la 1973 loletsa mai kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi, ndipo inu amene munali kunja zaka zimenezo munkangozimva. Linachotsedwa mu 1993, koma mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amai ovala mathalauzi dzuwa likuswa mtengo. Lamulo linafa, maganizo akuti thupi la mkazi aliyense angalilamule anatsala.

Maphunziro otere anakula ku Nairobi, m'makomboni monga Korogocho, kumene ngakhale agogo aakazi anaphunzira kumenya atatopa ndi kugwiriridwa. Kuno bungwe la Ujamaa Pamodzi linawalowetsa m'sukulu, maola awiri pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi. Kafukufuku wa m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima, amene anatuluka mu 2018, anapeza kuti kugwiriridwa kunachepa pakati pa atsikana ophunzitsidwa, pamene kwa anzao osaphunzitsidwa sikunachepe. Maola 12 okha, abale.

Pakamwa pakatseguka ndiye timafika pa manja. Munthu akakugwira pamkono, usalimbane ndi zala zake zinai, sololera mbali ya chala chachikulu, ndiko kuli khomo. Usamenye ndi chibakera, udzithyola zala. Menya ndi chikhatho pamphuno, kapena ndi chigongono ngati ali kumbuyo. Maso, khosi ndi pakati pa miyendo, ngakhale chimphona sichilimba pamenepo. Ndipo bodza timalilola. Nena kuti achimwene ali m'mbuyomu, nena kuti ukufuna kusanza. Cholinga si kupambana ndeu ayi, bambo, ndi kupeza mpata wothawa basi. Akathawa, akanene. Woyamba akapanda kumumvera, akauze wachiwiri.

Chimodzi ndinene mosabisa. Alipo amene adzachita zonsezi koma osapulumuka, alipo amene thupi lidzangouma ndi mantha. Mlandu si wao. Mwana wotere musamufunse kuti anavala chiyani. Pitani naye kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, mukanene ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Nkhani yotere isathere m'nyumba ndi mbuzi kapena ndalama.

Tsono pempho langa kwa inu makolo ndi ili. Mwana ndimakhala naye maola awiri, inu mumakhala naye sabata yonse. Tsiku lina adzakana kutumidwa usiku kwa aneba, kapena adzakana kulowa m'chipinda cha amalume ake, alendo ali pomwepo. Mudzachita manyazi, dzanja lidzayabwa. Musamumenye. Alendo akapita, mumuitane pambali ndi kumufunsa chifukwa chake.

Loweruka likubwerali tikumana pompano 2 koloko masana. Amai akuluakulu mubwerenso. Chitenje sichiletsa kanthu, tidzakuonetsani kamangidwe kake.