Kwanu Nkwanu: Mawu a Mmodzi wa Akuluakulu a Achewa a ku Chanyanya pa Tsiku la Mwambo



Ndaima pano mwa chilolezo chanu. Akuluakulu a bungwe adandipempha kuti ndiyankhulepo za ulendo wokaona kwathu, popeza ndine mmodzi wa iwo amene makolo awo adachokera kutsidya kwa malire, ku Malawi. Ndidavomera chifukwa nkhaniyi ndidaiphunzira mochedwa, ndipo sindifuna kuti ana athu adzaiphunzire momwe ndidaiphunzirira ine.

Ambiri a ife tikudziwa momwe makolo athu adafikira kuno. Ena adachoka kwawo pothawa msonkho, ena pofuna ndalama zogulira nsalu ndi makasu. Ena adalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena adatsikira ku Southern Rhodesia, ndipo ena adatsata njanji imene idaoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho womangidwa mu 1906. M'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, munthu ankachoka ku Nyasaland nkufika kuno popanda womufunsa zambiri. Pambuyo pa ufulu, mafakitale a m'tauni ya Kafue, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, adakoka anthu enanso. Amene sadapeze malo m'mafakitale adapeza moyo m'madzi muno, nakhala asodzi pa dooko la Chanyanya.

Onsewa pochoka kwawo ankatsazika kuti, "Ndikangopeza kangachepe ndibwerako." Ambiri sadabwerere. Kumudzi adawapatsa dzina loti matchona, dzina limene limalasa mtima kufikira lero.

Bambo ndi mayi anga adachoka m'dera la Mfumu Mkanda, m'boma la Fort Manning limene lero timati Mchinji, m'chaka cha 1957. Adayamba agwira ntchito m'mafamu, kenaka adakhazikika pano. Ine ndidabadwira pano, ndipo ndidadziwa kupalasa bwato ndisanadziwe kugwira khasu.

Ulendo wanga woyamba wa kwathu udali mu Ogasiti 1969, ndili ndi zaka 9. Mayi adasunga ndalama zaka ziwiri zathunthu. Adamanga mtolo wa nsomba zouma za mu Kafue, shuga, sopo ndi bulangete limodzi la agogo. Tidagona pa siteji ya mabasi ku Lusaka, m'mawa mwake nkuyamba ulendo wa kum'mawa. Ndimakumbukira basi ikukwawa m'mapiri, ndi mantha amene ndidali nawo pamene tinkaoloka mlatho watsopano wa Luangwa, umene udatsegulidwa mu 1968. Tidapuma pa Kacholola, tidadutsa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, mpaka Chipata. Pa malire a Mwami mayi adasintha ndalama, pakuti kuno tidali titayamba kale kwacha ndi ngwee mu 1968, pamene ku Malawi ankagwiritsabe mapaundi ndi masheleni kufikira 1971.

Kuchokera pa boma la Mchinji tidalowera kumpoto, ndipo mtunda wotsiriza tidauyenda pansi, katundu ali pamutu. Tidafika dzuwa litapendeka. Mtsikana wina amene ankachokera kudambo adaponya mtsuko pansi nathamangira kumudzi. Posakhalitsa tidamva nthungululu. Agogo aakazi adatuluka akulira, nagwada pamaso pa mwana wawo amene sadamuone zaka 12. Atatha kulira adandigwira nkhope ndi manja onse awiri, nanditchula dzina la bambo awo. Usiku umenewo nkhuku idafa.

Tidakhala mwezi wathunthu. Anyamata anzanga ankandiseka kayankhulidwe, koma adanditenga kokakumba mbewa m'minda yokololedwa, nandiphunzitsa kusiyanitsa una wa mbewa ndi wa njoka. Ndidadya nkhwani wotendera, ndidamwa thobwa la m'chipanda, ndidamvera nthano pamoto mpaka tulo kundigwira. Tsiku lina madzulo ng'oma zidalira kubwalo, ndipo ndili kumbuyo kwa mayi ndidaona Kasiyamaliro koyamba m'moyo wanga. Tsiku lotsazika, amalume adanditengera kumunda, naloza kuchokera pa chulu kukafika pa mtengo wa muwanga, nati, "Iwe mwana wa mlongo wanga, munda uwu ndi wa mayi ako. Kuno ndiye kwanu. Uko mukhalako nkoyenda."

Amayi ndi abambo, ndidamva mawu amenewo, koma padapita zaka 25 ndisanapondenso pamudzipo.

Zifukwa zidalipo, ndipo inu mukuzidziwa chifukwa ndi zomwe timapereka tonse. Chaka china nsomba zidavuta. Chaka china ukonde udang'ambika. Kenaka ndidakwatira, ana adabadwa, sukulu idafuna ndalama. Chaka chilichonse ndinkati chaka cha mawa. Padalinso mantha amene sitikonda kuwatchula. Ambiri a ife tinkaopa kuti tikamaoloka malire kawirikawiri, anzathu adzatiyesa alendo m'dziko limene tidabadwiramo. Mantha amenewa sadali opanda maziko. Mu 1996 malamulo a dziko lino adasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sadabadwire mu Zambia asaimire upulezidenti, ndipo lamulolo lidakhudza ngakhale a Kenneth Kaunda, amene makolo awo adachokera ku Nyasaland. Ngati zidafika pa mkulu wotere, msodzi wa pa Chanyanya akadalimba mtima bwanji? Motero mabanja ena adabisa kwawo, ndipo ana awo adakula osauzidwa dzina la mudzi.

Mayi adamwalira mu 1991, ndipo tidawaika kuno, pafupi ndi bambo. Ndidalemba kalata kumudzi koma yankho silidabwere. Mu 1994 ndidanyamuka ndekha kukanena maliro amene adali atagona kale zaka zitatu.

Nditafika sikudamveke nthungululu. Nyumba ya agogo idali itagwa, pamalopo patamera chimanga. Ana amene ndidawapeza adathawa, ndipo achinyamata adandilonjera monga alonjerera munthu wogula mtedza. Adanditengera kwa mfumu ya mudzi, imene idali yatsopano. Itandipatsa mpando idandifunsa kuti, "Kodi bambo, ndinu a mfunda wanji, nanga bele lanu ndi liti pamudzi pano?" Ndidatchula dzina la amalume. Adandiuza kuti adatisiya zaka ziwiri zapitazo. Ndidatchula agogo. Adati iwo aja ndi kalekale. Dzina la amayi a agogo sindinkalidziwa. Ndidakhala pamenepo, bambo wa ana anayi, ndikusowa chonena pamudzi wa mayi anga.

Amene adandipulumutsa ndi gogo wina wosaona bwino, amene adamutsogolera ndi ndodo kudza pabwalopo. Adati ndiyankhulenso. Nditayankhula adafunsa dzina la mayi, ndipo nditalitchula adaomba m'manja nati, "Uyu ndi mwana wa Naphiri, amene ndidavinidwa naye chinamwali chimodzi. Mwana uyu ngwathu." Pomwepo akazi adayamba kulira maliro a mayi ngati achitika dzulo. M'mawa mwake mfumu idaloleza, adzukulu adanditsogolera kumanda, nandionetsa pamene padagona agogo ndi amalume. Munda uja wa pa chulu udali utapatsidwa kwa ena, ndipo sindidadandaule, pakuti munda sulinda munthu amene sabwera.

Gogo ameneyo adamwalira chaka chotsatira. Ndikadazengereza chaka chimodzi chokha, pamudzipo pakadasowa munthu wondichitira umboni, ndipo ine ndi ana anga tikadakhala anthu opanda kwawo. Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Ndi zoona, koma ndidaona ndi maso anga kuti fupa likakwiririka, pamafunika wina wokumbukira pamene lidakwiririka.

Tsono ndifuna ana athu amvetse chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu kwa Mchewa. Ife timatsata bele la mayi. Mwana ndi wa mbumba ya kwa mayi ake, ndipo nkhoswe yake ndi malume. Ukwati ukavuta, maliro akagwa, ufumu ukafuna wolowa, funso limabwerera komweko, kumudzi kwa mayi. Mwana wobadwira pano amene sadziwa mudzi wa mayi ake angathe kukhala ndi nyumba ya malata ndi maukonde khumi, koma tsiku la mlandu adzasowa womukhalira kumbuyo.

Ndiponso tisaiwale kuti malire amene timaolokawa ndi aang'ono pa msinkhu poyerekeza ndi mtundu wathu. Makolo athu adali ndi likulu la Kalonga ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ndipo Undi adakakhazika lake ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Kachisi wa mvula wa Makewana adali ku Msinja. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi adagawana dziko mu 1891, adadula pakati pa anthu amodzi. Nchifukwa chake lero kuli Mfumu Mkanda ku Mchinji ndi Mfumu Mkanda ku Chipangali, Mwase ku Kasungu ndi Mwase ku Lundazi. Nchifukwa chakenso Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti mafumu a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo wa Kulamba udaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, ndipo Kalonga Gawa Undi X adautsitsimutsa mu 1984. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2007 atsogoleri atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, adakhala pamodzi pabwalo la Mkaika. Mchewa wopita kukaona abale ake kutsidya sachita chachilendo.

Zimene zinkatiopsa kale zambiri zidachoka. Dziko la Zambia lidalola unzika wa maiko awiri mu 2016, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Malawi idachita chimodzimodzi mu 2018. Pa malire a Mwami ndi Mchinji adatsegula ofesi imodzi ya maiko onse awiri mu Disembala 2022. Msewu umene tidauyenda masiku awiri ndi mayi, lero basi imaumaliza tsiku limodzi. Mu Ogasiti 2023 ndidatenga adzukulu anga atatu, tidayamba taona Kulamba ku Mkaika, kenaka nkupitirira mpaka kwa Mkanda. Mdzukulu wanga wamkazi adatenga kope la kusukulu, nakhala pansi ndi amayi achikulire masiku awiri, kulemba maina a bele lathu kufikira mibadwo isanu. Kope limenelo ndalisunga pamodzi ndi chitupa changa.

Choncho ndili ndi mapempho anayi kwa inu.

Loyamba lipite kwa makolo. Usiku uno, musanagone, muwauze ana anu dzina la mudzi wanu, la mfumu yanu, mfunda wanu, ndi maina a amayi anu ndi agogo anu. Alembe. Zimenezi sizilira ndalama.

Lachiwiri lipite kwa bungwe lathu. Timasonkha msanga maliro akagwa, ndipo nzabwino. Tiyeni tiyambenso thumba la ulendo, monga timachitira chilimba, kuti chaka chilichonse mabanja angapo azipita kwawo anthu akali moyo. Kwa asodzi, nyengo imene boma limatseka usodzi, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, bwato limakhala pamtunda. Amene sangathe nthawi ya mvula asunge za mwezi wa Ogasiti, aphatikize Kulamba ndi kumudzi. Ziphaso zoyendera, makamaka za ana, zikonzedwe nthawi ikalipo.

Lachitatu lipite kwa amene mudzapite. Mukafika yambani mwaonekera kwa mfumu. Musapite kukaonetsa nsapato kapena kukautsa milandu ya minda imene ena akhala akulima zaka makumi atatu. Mlendo ndi mame. Tengani kanthu m'manja, ngakhale nsomba zouma zochepa, khalani pamphasa, funsani, mvetserani. Ndipo musachite manyazi kupita chifukwa mulibe chuma. Gogo uja sadandifunse za m'thumba, adandifunsa dzina la mayi.

Lachinayi lipite kwa inu achinyamata. Ndikudziwa kuti muli ndi mafoni, ndipo ena mumatumizirana zithunzi ndi abale a ku Lilongwe ndi ku Kasungu pa WhatsApp. Pitirizani. Koma nkhalamba zimene zikudziwa mbiri yanu zambiri zilibe foni, ndipo manda a makolo anu simungawaone pa chithunzi nkunena kuti mwafika. Chiyankhulo chanu akachiseka, sekani nawo, mudzabwerako mutaphunzira mawu atsopano.

Pomaliza, wina asamve ngati ndikunyoza malo ano. Chanyanya adatilera. Mtsinje wa Kafue udatidyetsa ndi kuphunzitsa ana athu. Bambo ndi mayi anga agona m'nthaka ino, ndipo mwina inenso ndidzagona momwemo. Ndife nzika za Zambia, ndipo kwa eni nthaka tikuti zikomo chifukwa chotisunga pamodzi ndi Atonga, Alozi, Abemba ndi mitundu ina yonse ya pa dooko pano. Mwana wodziwa kwawo ndiye amadziwanso kulemekeza kwa eni ake. Makolo adati madzi saiwala khwawa, ndipo ine ndikupempha kuti chaka chamawa, tikadzasonkhananso pabwalo lino, padzaimirire mabanja amene adzatiuze kuti adapita, adafika, ndipo adawapeza akali moyo.

 Mulungu adalitse Achewa onse kulikonse kumene ali, adalitsenso Zambia, Malawi ndi Mozambique.

Yooo Gawa!