KULIMBA MTIMA KWA MPHUNZITSI WOYESERERA

Mau athu a lero apita kwa inu anyamata ndi atsikana a m'makoleji a aphunzitsi, monga a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe ndi Blantyre, amene mwatumidwa ku masukulu kukayeserera nchito, makamaka inu amene mwalandira makalasi a Sitandade 5 kufikira Sitandade 8.

Makalasi amenewa ndiwo aopsa ambiri a inu. Ana ace si makanda ai. Ena msinkhu wao ufanana ndi wanu, ndipo amayesa mphunzitsi watsopano monga munthu ayesa ulalo wa mitengo asanaolokepo. Ndiponso ciyambire caka ca 1994, pamene Boma linacotsa fizi ku pulaimale, ana anacuruka m'masukulu. Tsono ngati mtima ugunda poima pamaso pao, musadabwe. Koma mantha akakhazikika, amene alipira ndi ana. Mphunzitsi wamantha amafulatira kalasi, nangolemba pa bolodi kufikira belu litalira, ndipo ana akafika pa mayeso a Sitandade 8 asanamvetse zimene anakopera.

Kodi kulimba mtima kumacokera kuti? Munthu sabadwa nako. M'caka ca 1977 Albert Bandura, mphunzitsi wa pa Stanford University ku America, analongosola kuti cimene cimpatsa munthu kudzikhulupirira koposa zonse ndico nchito imene iye mwini anaicitapo bwino. Cifukwa cace musayembekeze kuti mantha ayambe atha. Funani zinthu zazing'ono zimene mungathe kuzicita bwino mawa lomwe. Nazi zinai.

Coyamba, konzekani usiku. Masamu onse amene mudzapatsa ana, yambani mwawapeza nokha m'kope lanu. Mau a Cingerezi obvuta, acheni mokweza kufikira lilime litazolowera. Dziwani pamtima zimene mudzanena ndi kucita pa mphindi 5 zoyamba, pakuti phunziro likayamba bwino, ana amakutsatani okha.

Caciwiri, dziwani maina. Jambulani m'kope malo amene mwana aliyense akhala, ndipo phunzirani maina 10 tsiku lililonse. Kunena kuti "Iwe kumbuyoko!" kuseketsa kalasi lonse, koma mwana wochulidwa dzina lace amakhala tsonga, podziwa kuti aphunzitsi amuona.

Cacitatu, musaope kukhala cete. Ana akacita phokoso, musapikisane nao mau, cifukwa iwo ndi ambiri ndipo mudzasasa ndinu. Imani pamene onse akuonani, muwayang'ane, mudikire. Cimodzimodzi pofunsa funso. M'caka ca 1972 mai wina wa ku America, Mary Budd Rowe, anaonetsa kuti aphunzitsi ambiri adikira yankho sekondi imodzi yokha, koma akadikira masekondi 3 kapena kuposapo, ana ambiri amayankha, ndipo mayankho ao amatalika. Funsani, muwerenge katatu mumtima, kenaka muchule dzina. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacinai, gwirizanani ndi mwini kalasi. Khalani kumbuyo tsiku lina, muone m'mene agawira mabuku ndi m'mene atontholetsera ana. Pamene iwo adzaonerera phunziro lanu, apempheni mwaulemu kuti akuuzeni cinthu cimodzi cimene cinayenda bwino ndi cimodzi coti mukonze. Zolakwa khumi zonenedwa nthawi imodzi zifoola munthu, koma cimodzi mungathe kucikonza m'mawa mwace. Safunsa anadya phula.

Pali njira ziwiri zimene zinyenga aphunzitsi atsopano. Ina ndiyo ya cikwapu. Unduna wa Maphunziro uletsa kumenya ana m'sukulu, ndiponso ana amazindikira msanga kuti wothamangira ndodo ndiye amene ali ndi mantha. Inzace ndiyo yofuna kukondedwa, kuseka nao zonse ndi kulekerera wocedwa. Mukanena kuti mudzaona makope Lacisanu, aoneni Lacisanu ndithu. Ana a msinkhu uwu amalemekeza munthu wosasintha mau.

Nanga mwana akafunsa cimene simucidziwa? Musapeke yankho, ndipo musamkalipire. Nenani poyera kuti, "Funso lako ndi labwino, ndikafufuza, ndipo mawa ndidzayankha." Mawa lace muyankhedi. Ulemu wanu sudzacepa, koma udzakula.

Potsiriza, madzulo alionse lembani m'kope cinthu cimodzi cimene cinatheka tsiku limenelo: mwana wamanyazi amene anakweza mkono, kapena phunziro limene linatha pa nthawi yace. Tsiku lina phunziro lidzakanika, pakuti limakanika ndi kwa acikulire omwe. Tsiku limenelo tsegulani kope lija muwerenge, ndipo m'mawa mutenge coko mulowenso m'kalasi. Tsalani bwino.