Amai a m'Linga la Chintheche

Mkazi wothawa nkhondo akafika pakhomo panu ndi ana ace, wosadziwa cinenero cathu, musamyese mlendo wopanda pace. Pakuti ife a kunyanja kuno tinabadwa mwa akazi otere.

Tonsefe tidziwa dzina la Mankhambira, amene anapirikitsa Angoni a Mbelwa pa Chintheche. Koma ndani akumbukira amai aja amene anathawa kumapiri m'zaka za m'ma 1870, natsikira kuno?

Taganizani za mmodzi wa iwo. Mwana kumbuyo, mphika pamutu, nkhokwe yace yatsala m'manja mwa adani. Alowa m'linga lothinana, m'mene nthenda inapha anthu monga nthungo. Mbandakuca aturuka kukakumba cinangwa, osadziwa ngati adzabwera wamoyo. Acibviika, aciyanika, acisinja, kuti ana alawe kondowole. Iye mwini adya mkute, ukatsala. Kawiri kawiri sunatsala.

Ndipo pamene Dotolo Laws anakhazika misyoni pa Bandawe pano m'caka ca 1881, ana amene anayamba kulowa m'sukulu ndiwo omwewo anawalera mai ameneyo m'linga muja.