Amayi aja akumbuyo mu Star Trek

Lero tikambeko za Star Trek, sewero lakale la pa TV lomwe linaonetsedwa ku America kuyambira 1966 mpaka 1969. Ambiri amakumbukira Captain Kirk ndi Spock basi. Ife tiyang'ane omwe anali kumbuyo kwawo.

Kunali Janice Rand, yemwe nthawi zambiri ankangobweretsera kaputeni khofi ndi mapepala oti asaine. Chaka choyamba chisanathe, anamuchotsa. Majel Barrett anayamba ngati wachiwiri kwa kaputeni mu filimu yoyeserera, koma sewero litayamba mpandowo unapita kwa Spock, iye n'kukhala nesi Chapel. Mwaona eti?

Ndiye pali Uhura, mkazi wakuda wolumikiza mauthenga, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili akuti uhuru, ufulu. Mawu ake ankangowadula, mpaka Nichelle Nichols, yemwe ankasewera Uhura, anafuna kusiya. Mwiniwake ankafotokoza kuti Martin Luther King Jr. ndi amene anamupempha kuti asachoke, poti ana akuda ankamuonera. Mu 1977 anagwira ntchito ndi NASA yokopa amayi ndi anthu akuda kuti akalembedwe. Mu 1992 Mae Jemison, yemwe anakula akuonera Uhura, anakhala mkazi wakuda woyamba kupita mumlengalenga.

Asisi, tikamaonera filimu kapena tikakhala pa msonkhano, tiziwerenga: akuyankhula ndani, nanga akuthira tiyi ndi kulemba maminitsi ndani? Ngati akukankhirani kumbuyo, musachoke msanga, pali kamtsikana kakukuonerani. Koma musakhalenso chete, funsani kuti mpando wakutsogolo ukupita kwa ndani, ndipo bwanji.