DZUWA, NYANJA NDI MVULA YA M'MINDA MWATHU

Mafumu, abambo ndi amai a ku Mdeka! Ena mwa inu mwamva kuti anthu ophunzira apenya dzuwa nadziwiratu caka ca cirala, ndipo mwandifunsa ngati kuyenera kudikira mau ao musanabzale. Mverani tsono, pakuti mlandu umenewu ukhudza cakudya ca ana anu.

Pa dzuwa pali mawanga akuda, amene acuruka nacepanso pa zaka ngati 11, monga anaona Heinrich Schwabe wa ku Germany m'caka ca 1843. Musayese kuwafuna ndi maso anu, mungacite khungu. M'caka ca 1924 Dr. Frank Dixey, wodziwa za miyala wa Boma la Nyasaland, analemba kuti madzi a nyanja yathu akwera ndi kutsika motsata mawangawo. C. E. P. Brooks anali atanena comweco za nyanja ya Victoria mu 1923. Koma pamenepo madzi anali atayesedwa bwino zaka zosafika 30, ndipo pambuyo pace nyanja siinamvera. Mu 1915 inatsika kwambiri, mcenga nutseka pakamwa pa Shire. Kuyambira pamenepo inangokwera zaka 20, mawanga alikucuruka ndi kucepa, kufikira Shire anatsegukanso mu 1935.

Taonaninso njala zathu. Ya 1922 inadza mawanga ali ocepa. Ya 1949, imene inasautsa anthu a ku Lunzu ndi Lirangwe, inadza mawanga ali ambiri. Makina oyendayenda kumwamba ayesa dzuwa kuyambira 1978, napeza kuti mphamvu yace isintha gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000. Kusintha kotere kulipo ndithu, koma sikungakuuzeni tsiku lobzala.

Nanga anzeru awerenga bwanji? Mai akamapeta mapira, palibe munthu angathe kunena pamene idzagwa njere imodzi; koma tonse tidziwa kumene mankhusu adzapita ndi pamene mulu udzakhala. Momwemonso mvula ya tsiku limodzi siidziwika kutali, koma mvula ya zaka zambiri, ikalembedwa monga acita pa Chileka, isonyeza makhalidwe ace. Klaus Hasselmann anasonyeza mu 1976 kuti madzi akulu asunga ndi kuunjika zosintha za masiku ambiri, nakwera kapena kutsika pang'ono-pang'ono, kotero kuti munthu angayese pali lamulo pamene palibe. Nchito yace inathandizanso kudziwa kuti kutentha kwa dziko kwa zaka zino kucokera ku utsi wa malasha ndi mafuta, ndi kutha kwa nkhalango, si ku dzuwa ai. Analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Cizindikiro coposa mawanga ndico El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a nyanja yaikuru ya Pacific. Kawiri-kawiri pakudza iye mvula icepa kuno ku mwera, monga tinaona mu 1992, mu 2016 ndi mu 2024. Ndati kawiri-kawiri, sindinati masiku onse. Cifukwa cace mlimi wanzeru akonzekera caka coipa ngakhale ayembekeza cabwino. Citani izi:

1. Tsirizani kugalauza ndi kuunda mizere mvula isanagwe, ndipo bzalani ndi mvula yoyamba yolowa bwino m'nthaka. Akulu anati mmera ndi poyamba.

2. Mizere ipingase phiri, ndipo muitseke apa ndi apo kuti madzi asathawe ndi dothi lanu.

3. Musakhulupirire cimanga cokha. Dziko lathu lino ndi lotentha ndi la mvula yocepa; bzalaninso mapira, nandolo, cinangwa ndi mbatata.

4. Musagulitse cakudya ca m'nkhokwe musanaone kuti mbeu za m'munda zakhwima.

5. Mverani mau a nthambi ya Boma ya za nyengo, amene alengezedwa dzinja lisanayambe, ndipo mwana wa sukulu alembe m'buku masiku onse amene mvula igwa m'mudzi mwanu.

Dzuwa sitingathe kulilamulira, koma khasu liri m'manja mwathu. Amene afuna ndimsonyeze katsekedwe ka mizere, andipeze m'munda wa citsanzo mmawa.