NKHONO YOVINA YA M'NYANJA YA MCERE

Alendo amene atsika ndege pa bwalo la Mfuwe amadzera njobvu, anyalugwe ndi mvuu za m'Luangwa. Koma madzi amene mvuuzo zisambamo ali ndi ulendo wautali. Amathira m'Zambezi pa Feira, pamene lero patchedwa Luangwa, napitirira pa Tete kufikira atalowa m'nyanja ya mcere ya Indian Ocean. M'nyanja imeneyo, pa matanthwe a m'gombe la Mozambique, mukhala nyama yofiira psuu, imene Angerezi aitcha Spanish dancer.

Nyamayi ndi mbale wace wa nkhono imene ana atola m'munda mvula itagwa. Ikali kamwana imakhala ndi kacigoba, koma pokula imakataya, nikhala yofewa thupi lonse. Zina zimatalika kuposa masentimita 30.

Wofuna kuizindikira ayambe wayang'ana kumutu, kumene kuli tinyanga tiwiri tonunkhizira. Atatero ayang'ane kumbuyo, pamsana, pamene pali ziwalo zopumira zooneka ngati maluwa. Kawirikawiri zimakhala zisanu ndi cimodzi, ndipo ndizo zinaipatsa dzina la Hexabranchus, ndiko kunena "zopumira zisanu ndi cimodzi" m'Cigiriki. Dzina laciwiri, sanguineus, ndi la Cilatini, litanthauza magazi. Laciwirilo anaipatsa ndi Ajeremani awiri, Eduard Rüppell ndi Friedrich Leuckart, pafupi ndi caka ca 1830, itapezeka ku Nyanja Yofiira.

Pokwawa imapinda m'mphepete mwa thupi lace. Cinthu cikaidzidzimutsa imafunyulula mphepetezo, ninyamuka kusambira mopindapinda thupi, monga mai wodziwa cimtali amene citenje cace cimtsata pobvina. Nkhono zambiri za m'nyanja sizitha kutero.

Kwa zaka zambiri akatswiri anali kuyesa kuti zofiira, zacikasu ndi zamawanga za m'Indian Ocean ndi m'Pacific nzosiyana khungu cabe. Mu 2023 Yara Tibiriçá, amene anafufuza nyama zimenezi pa Zavora m'cigawo ca Inhambane, pamodzi ndi anzace, anaonetsa kuti iri mitundu ingapo. Anapima za m'kati mwa thupi ndi DNA yace, ndipo mtundu wina waukulu koposa, umene unalibe dzina, anautcha Hexabranchus giganteus. Cotero munthu wongoona kufiira nafulumira kutchula dzina angathe kuphonya, pakuti ngakhale nkhono imodzi yomweyo imasintha maonekedwe pamene ikula.

Nanga nyama yofewa cotere, yoonekera patali, ipulumuka bwanji pakati pa nsomba zanjala? Cinsinsi ciri m'zakudya zace. Usiku imaturuka m'mapanga kukadya zinkhupule zomera pa matanthwe, ndipo zina mwa izo ziri ndi ululu. Ululuwo suipha, koma imausunga m'khungu mwace. Nsomba imene yalawako kamodzi siibwereza. Kufiirako ndi cenjezo, monga mawanga a nunkhadala amene mbalame zimlewa.

Nkhono iriyonse iri ndi ziwalo zacimuna ndi zacikazi zomwe, komabe imafuna inzace kuti ibale. Mazira ace zikwi zambiri amamatana m'nsalu yopyapyala yofiirira, imene nkhonoyo imaizunguniza pa thanthwe ngati duwa. Ikatha kuikira imacoka osabweranso, koma m'mazirawo yasiyamo ululu womwe uja, ndipo nsomba zambiri zimangowalambalala kufikira ataswa.