Pampu yachiwiri ndi moyo wa wogona m'chipinda chapansi



Lero ndilankhula za chipangizo chimene ambiri timachiyesa nkhani ya mabwana: pampu yochotsa madzi m'chipinda chapansi pa nyumba. Nkhaniyi ndi yathu, pakuti m'mizinda yamapiri ngati Durban, kumene nyumba zimamangidwa pamtsetse, chipinda chotsikitsitsa nthawi zambiri chimapatsidwa kwa wantchito. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo chigumula cha mu Epulo 2022 ku KwaZulu-Natal, chimene chidapha anthu oposa 400, chidatsimikiza mawuwa.

Tiyambe ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Pamalo otsika kwambiri m'chipindacho amakumba kadzenje kosonkhanitsa madzi a m'nthaka. M'menemo amaika pampu yamagetsi yokhala ndi choyandama. Madzi akakwera, choyandamacho chimakwera nawo n'kuyatsa pampu, imene imawakankhira panja kudzera m'paipi. Tsoka lake n'lakuti mvula yamkuntho imadza pamodzi ndi kuthima kwa magetsi, ndipo ku South Africa kampani ya Eskom idathimitsa magetsi mosinthanasinthana masiku ochuluka zedi mu 2023. Magetsi akathima, pampu imaima pa ola lenileni limene ikufunika.

N'chifukwa chake pamafunika pampu yachiwiri, yoyendera batire. Iyi amaiika m'kadzenje komweko, koma choyandama chake chimakhala m'mwamba pang'ono, kuti iyake pokhapokha yoyambayo italephera. Pampu iliyonse ikhale ndi vavu yoletsa madzi kubwerera. Batire likhale pamalo okwera, pakhale alamu yodzutsa munthu usiku, ndipo paipi izikatayira madzi kutali ndi maziko a nyumba. Batire limafooka pakapita zaka zingapo, choncho dzinja lisanafike makinawa ayesedwe: kuzimitsa pampu yoyamba, kuthira zidebe za madzi m'kadzenjemo, n'kuona ngati yachiwiri yayaka. Kuika zonsezi ndi ntchito ya pulambala ndi katswiri wa zamagetsi, ndipo wolipira ndi mwini nyumba.

Nanga lamulo likuti chiyani? Ku South Africa, lamulo la antchito a m'nyumba lotchedwa Sectoral Determination 7 limalola bwana kudula ndalama ya malo ogona yosapitirira 10 pa 100 iliyonse ya malipiro anu, ndipo adule pokhapokha chipindacho chili chotetezeka ku mvula ndi mphepo, chosamalika, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhomeka. Kwa a m'mafamu, Sectoral Determination 13 imafunanso denga lolimba losadontha. Chipinda chimene chimasanduka dziwe dzinja lililonse sichiyenera kudyerapo malipiro anu.

Tikumbukirenso mayi Maria Mahlangu, wantchito wa m'nyumba amene adamira m'dziwe losambiramo la mabwana ake mu 2012. Mwana wawo adalimbana m'makhoti kufikira pa 19 Novembala 2020, pamene Khoti la Malamulo Aakulu a Dziko lidagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso azilandira chipukutamisozi pansi pa lamulo la COIDA akavulala kapena kumwalira pantchito. Komabe chipukutamisozi sichiukitsa munthu. Mukatumidwa kukakapa madzi m'chipinda chapansi, kapena kukayatsa injini m'kanyumba ka pampu kufamu, musaponde m'madzimo magetsi asanazimitsidwe pa bokosi lalikulu. Ngati bokosilo lili m'madzi momwemo, musayandikire. Jenereta isaikidwe m'chipinda chotsekeka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo.

Ndikupemphani kuti mvula isanayambe mufunse mabwana anu ngati pampu yachiwiri ilipo ndiponso kuti idayesedwa liti. Pempho lanu lilembeni pa WhatsApp kuti pakhale umboni, ndipo madzi akalowa jambulani zithunzi. Pasipoti, chilolezo cha ntchito ndi mapepala a malipiro zikhale m'pulasitiki pamalo okwera. Bwana akakana kukonza, pitani ku ofesi ya zantchito; akakuchotsani chifukwa chodandaula, pitani ku CCMA. Khoti la zantchito lidagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, kotero musaope kufunsa.